Thunderbird pa ntchito yonyamula ma invoisi: yandithandiza, koma si ya aliyense

Ndiyambe ndi chigamulo changa kuti amene ali pa changu asavutike kuwerenga zonse. Ngati pulogalamu imene mumalembera ma invoisi, makotesheni ndi masitetimenti ili ndi batani lotumizira chikalata pa imelo, ndipo batanilo limangofuna kuti pa kompyuta pakhale pulogalamu ya imelo yomva Simple MAPI (njira ya Windows yoperekera fayilo ku pulogalamu ya imelo), Thunderbird, pulogalamu yaulere ya imelo, ikugwirirani ntchitoyo bwino lomwe, popanda kulipira laisensi. Koma ngati pulogalamu yanuyo anailemba kuti izilankhula ndi Outlook basi, musadzivutitse. Thunderbird singalowe m'malo mwake, kaya muisankhe kangati mu Settings. Chovuta n'chakuti pa bokosi la pulogalamu salembapo kuti inu muli mbali iti, ndiye mumayenera kudzipezera nokha.

Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono imene imapereka katundu pa ngongole kwa makasitomala okhazikika. Tsiku lililonse pamakhala ma invoisi oti apite, ndipo mwezi ukamatha pamabwera chimulu cha masitetimenti. Pulogalamu yathu ya maakaunti ndi yachikale ndithu, ya mtundu uja woika pa kompyuta, osati wotsegula pa intaneti. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene za iyo si zokoma. Pamwamba pa invoisi iliyonse pali kabatani kojambulidwa envulopu. Kwa nthawi yaitali kabatani kameneka kanali kongokongoletsa sikirini: ukakadina, kompyuta inkayankha kuti palibe pulogalamu ya imelo yolumikizidwa kuti igwire ntchito imeneyi. Imelo ya kampani tonse tinkaitsegulira mu brawuza. Choncho invoisi iliyonse ndinkayamba ndaisunga ngati PDF, kuipatsa dzina, kupita ku brawuza, kufufuza adiresi ya kasitomala, kusaka fayilo ija m'foda, kuimata, kenako kutumiza. Njira imeneyi imagwira, koma ili ndi ngozi yaikulu. Mutu ukatopa, sitetimenti ya kasitomala wina ikhoza kupita kwa mnzake, ndipo mu bizinesi palibe chochititsa manyazi ngati kuonetsa munthu ngongole za wina.

Chimene ambiri sadziwa, ngakhale ena okonza makompyuta, n'chakuti Windows ili ndi njira ziwiri zosiyana zoitanira pulogalamu ya imelo. Zili ngati nyumba ya makomo awiri, la kumaso lolowera mlendo amene wangobwera ndi mawu, ndi la kuseri lolowera amene wasenza katundu. Khomo la kumaso ndi mailto. Mukadina adiresi ya imelo pa webusaiti, ndi mailto imene imatsegula uthenga watsopano. Imanyamula adiresi, mutu wa uthenga ndi mawu ochepa, koma malamulo ake, amene analembedwa mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2010, sanaikemo njira yonyamulira fayilo. Khomo la kuseri ndi MAPI, njira imene Microsoft inayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pulogalamu ya maakaunti imapanga PDF, n'kuitana kafayilo ka Windows kotchedwa mapi32.dll, n'kukauza kuti nayi adiresi, nawu mutu, nachi chikalata, kapereke kwa mwini ntchito. Kafayiloko pakokha sikatumiza kanthu. Kamangoyang'ana mu Registry, kaundula wa Windows, kuti kaone dzina la pulogalamu imene yalembedwa kuti ndiyo ya imelo, n'kutula zonse kumeneko.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukapita ku Settings, Apps, Default apps n'kusankha pulogalamu ya imelo, chimene mwatsimikiza kwenikweni ndi mailto. Pa Windows 10 pali malo olembedwa Email poonekeratu. Pa Windows 11 mumayamba mwasankha pulogalamuyo, kenako n'kuipatsa MAILTO ndi mafayilo a .eml chimodzichimodzi. Mukhoza ngakhale kuuza Chrome kapena Firefox kuti mailto izitsegula Gmail, ndipo pa webusaiti zidzayenda bwinobwino. Koma batani la invoisi lidzakanabe, chifukwa brawuza sidziwa MAPI. Pulogalamu ya Mail imene inkabwera ndi Windows 10 ndi 11 nayonso sinkayankha MAPI, ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2024. Outlook yatsopano imene inalowa m'malo mwake inamangidwa pa maziko a Outlook ya pa intaneti, moti silandira ma add-in a COM kapena ma macro a VBA, timapulogalamu towonjezera mu Outlook, amene mapulogalamu ambiri a bizinesi ankadalira. Outlook yakale ikadalipo, ndipo Microsoft inanena kuti iziisamalirabe kufikira 2029 kapena kupitirira apo, kungoti imabwera ndi laisensi ya Office. Kampani yathu pa makompyuta ambiri timagwiritsa ntchito LibreOffice, yaulere, m'malo mwa Office, ndiye kugula laisensi chifukwa cha batani limodzi abwana sakanandimvera.

Ndinapita ku Thunderbird chifukwa ndi imodzi mwa mapulogalamu ochepa otsala amene amayankhabe MAPI mwaulere. Si yadzulodzulo. Mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Disembala 2004, ndipo kuyambira 2020 imayendetsedwa ndi MZLA Technologies, kampani ya pansi pa Mozilla Foundation, ndi ndalama zimene ogwiritsa ntchito amapereka mwa kufuna kwawo. N'chifukwa chake nthawi zina imakutsegulirani tsamba lopempha thandizo. Ine sizindinyansa. Pa webusaiti yawo pali mitundu iwiri, wotuluka mwezi ndi mwezi, ndi wa ESR umene umasintha kwambiri kamodzi pa chaka, m'kati mwa chakamo n'kumangolandira zokonza za chitetezo. Pa kompyuta ya mu ofesi tengani ESR. Kumapeto kwa mwezi si nthawi yoti mufike m'mawa n'kupeza mabatani asamuka.

Kulowetsa akaunti sikunavute. Mumalemba dzina ndi adiresi, iyo n'kudzifufuzira ma seva. Ikakufunsani, sankhani IMAP osati POP3, chifukwa IMAP imasunga mauthenga pa seva, ndiye invoisi imene mwatumiza pa kompyuta ya mu ofesi abwana aiona pa foni yawo mu foda ya Sent osadzuka pa mpando kudzakufunsani. Koma chimene ndikufuna ndikhalepo pang'ono ndi nkhani ya pasiwedi, chifukwa kwa ine ndi imene imapangitsa Thunderbird kukhala yoyenera ngakhale pali njira ina.

Njira inayo ndi iyi. Mapulogalamu ambiri a maakaunti amatha kutumiza imelo okha, osadutsa pa pulogalamu ina iliyonse, pogwiritsa ntchito SMTP. Mumawalembera dzina la seva, poti 587 kapena 465, adiresi ndi pasiwedi, basi. Kale zimenezi zinali zokwanira. Koma Google inatseka kulowa ndi pasiwedi wamba kwa mapulogalamu otere pa maakaunti a anthu wamba pa 30 Meyi 2022, ndipo Microsoft inayamba kuchita zofanana pa IMAP ndi POP za Exchange Online, imelo yake ya makampani, mu Okutobala chaka chomwecho. Tsopano njira yovomerezeka ndi OAuth2, pamene pulogalamu imakutsegulirani tsamba la mwini imelo, inu n'kulowa pamenepo, iyo n'kungolandira chilolezo osaona pasiwedi yanu. Mapulogalamu akale a maakaunti OAuth2 saidziwa. Kuti agwire pa Gmail mumayenera kuyatsa kutsimikizira kwa magawo awiri, kupanga app password ya zilembo 16, n'kuisiya m'kati mwa pulogalamu imene simukudziwa kuti imaisunga motani. Ine zimenezo sizinandisangalatse. Thunderbird OAuth2 imaidziwa, ndiye ikakhala pakati, pulogalamu ya maakaunti sidziwa pasiwedi iliyonse. Imangopereka PDF, kutumiza n'kwa Thunderbird. Google kapena Microsoft akasinthanso malamulo, amene ayenera kuthamanga kukonza ndi anthu a Thunderbird, amene amatulutsa zokonza pafupipafupi, osati ogulitsa pulogalamu yathu ija, amene mtundu wawo watsopano timaumva kamodzi pa zaka zingapo.

Kuti Thunderbird ikhale yolandira zonse, mumalowa mu Settings zake, General, n'kutsika mpaka pa System Integration. Pamenepo pali batani la Check Now. Mukalidina pamabwera kabokosi, muchonge E-Mail n'kuvomereza. Kenako mupitenso ku Default apps za Windows mukaipatse MAILTO. Musadabwe kuti pulogalamuyo sikutha kumaliza yokha. Kuyambira Windows 8, Microsoft inatseka njira yoti pulogalamu izidziika yokha mwakachetechete pa zinthu ngati mailto, ndipo chisankho chanu chimasungidwa ndi chidindo chobisika chimene Windows yokha imapanga. Ndi lamulo labwino, kungoti limachititsa kuti ntchito imodzi ichitikire malo awiri. Mukamaliza, tsekani pulogalamu ya maakaunti n'kuitsegulanso, chifukwa ena amafufuza za imelo pa nthawi yoyaka pokha.

Musanathamangire ku invoisi, yesani kaye MAPI payokha. Tsegulani File Explorer, dinani fayilo iliyonse ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Send to, kenako Mail recipient. Pa Windows 11 zimenezi zinabisala pansi pa Show more options. Thunderbird ikatseguka ndi uthenga watsopano, fayilo ija itamatidwa kale, ndiye kuti mbali ya Windows ili bwino. Amene ali ndi LibreOffice akhoza kuyesanso File, Send, Email as PDF. Kuyesa kumeneku n'kwa mphindi imodzi koma kumadula mkangano wonse. Zikagwira apa, batani la invoisi n'kukanabe, vuto lili mu pulogalamu ya maakaunti, ndipo mukawaimbira ogulitsa musalole kuti akuuzeni zoti mukonze kompyuta yanu. Zikakana apa pomwe, ogulitsawo alibe mlandu.

Zikakana, malo oyang'ana ndi Registry. Tsegulani regedit, kapulogalamu kotsegulira Registry, mupite pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Clients\Mail. Pansi pake muona mayina a mapulogalamu a imelo amene analembetsa, ndipo pa Default payenera kulembedwa Mozilla Thunderbird, ndendende mmene dzinalo lalembedwera pa mndandandawo. Palinso malo ofanana nawo pansi pa HKEY_CURRENT_USER, a munthu mmodzi yekha, ndiye muone kuti awiriwa sakutsutsana. Nthawi zambiri chimene mumapeza ndi dzina la pulogalamu imene inachotsedwa kalekale, kapena ya kuyeserera imene inabwera ndi kompyuta ndipo palibe anaitsegulapo. Dziwaninso kuti pulogalamu ina ya imelo ikaikidwa kapena ikakonzedwa imatha kudzilembanso pamenepa osakufunsani, ndiye batani limene dzulo linkagwira lero likayamba kukana, yambani mwayang'ana apa. Palinso kapulogalamu ka Windows kotchedwa fixmapi.exe kamene kamabwezeretsa mapi32.dll ngati pulogalamu ina inakasintha. Ngati Registry simunaigwirepo, itanani wodziwa, ndipo asunge kaye kope la malowo ndi Export asanasinthe chilichonse.

Tsopano mmene zimayendera tsiku ndi tsiku. Ndikadina envulopu ija, pakapita kamphindi windo la uthenga limatseguka, adiresi ya kasitomala ili kale pamalo pake, mutu walembedwa ndi nambala ya invoisi, PDF yamatidwa. Ndimaponya diso pa dzina, nthawi zina n'kuwonjezera mzere umodzi wokumbutsa za ngongole yakale, kenako Ctrl ndi Enter, yapita. Adiresi ikuchokera mu kaundula wa makasitomala wa pulogalamu ya maakaunti, chikalatanso chikuchokera pa akaunti ya kasitomala yemweyo, ndiye mpata wosokoneza anthu awiri watsekeka. Chinanso chimene ndimachikonda ndi kufufuza. Kasitomala akaimba kuti invoisi sanailandire, ndimalowa mu Sent, Ctrl, Shift ndi K, n'kulemba nambala ya invoisi mu Quick Filter, ndipo asanamalize kudandaula ndimakhala nditamuuza tsiku, nthawi ndi adiresi imene inapitako. Ambiri amangoti aa, dikirani ndione mu Spam.

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense wogwiritsa ntchito njira imeneyi ayenera kuchidziwa, ndipo si vuto la pulogalamu ya imelo ayi. Pulogalamu yathu ya maakaunti imaika chizindikiro chakuti invoisi yatumizidwa pa nthawi imene yapereka PDF ku MAPI. Sidikira kuti ione ngati uthengawo wachokadi. Ndikatseka windo lija osatumiza, kapena intaneti ikadula uthenga n'kutsalira mu Outbox, m'mabuku mwalembedwabe kuti zapita. Ndiye chizindikiro chimenecho musachikhulupirire ngati umboni. Umboni ndi foda ya Sent, ndipo ngakhale pamenepo chimene mwatsimikiza n'chakuti seva yanu yalandira, osati kuti kasitomala wawerenga. Ine ndinazolowera kuti madzulo ndisanazimitse kompyuta ndimasuzumira mu Outbox ndi mu Drafts, komanso mu Inbox kuona ngati pali mauthenga obwerera chifukwa cha adiresi yolakwika. Pulogalamu ya maakaunti mauthenga obwererawo sidzawaona mpaka kalekale.

Kumapeto kwa mwezi ndi pamene pamaonekera mphamvu ndi malire a njira imeneyi. MAPI imalola pulogalamu kupempha m'njira ziwiri: kuti windo litseguke munthu aone kaye, kapena kuti uthenga upite wokha osaonekera. Ikapempha njira yoyamba pa masitetimenti onse nthawi imodzi, mawindo amatseguka motsatizana, ndipo lililonse lifuna dzanja lanu. Pa makasitomala ochepa n'zopiririka, mwinanso n'zabwino chifukwa mumaona chilichonse chisanapite. Pa makasitomala mazanamazana n'chintchito. Ikapempha njira yachiwiri, Thunderbird imachenjeza kuti pulogalamu ina ikufuna kutumiza imelo m'dzina lanu, n'kufunsa ngati mukuvomera. Chenjezo limeneli lili ndi mbiri yake. Cha m'ma 1999 ndi 2000 mavairasi ngati Melissa ankadzifalitsa potumiza mauthenga kwa anthu a m'buku la maadiresi mwiniwake osadziwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mapulogalamu a imelo amakayikira pulogalamu iliyonse yofuna kutumiza mwakachetechete. Mukhoza kulizimitsa pa kabokosi komweko. Ine pa kompyuta yanga ndinalizimitsa, chifukwa palibe wina amaikapo zinthu, koma pa kompyuta imene anthu ambiri amagwira sindikanatero. Kumbukiraninso kuti mwini imelo ali ndi malire ake. Gmail yaulere imalola mauthenga 500 pa tsiku, ya Workspace 2,000, ndipo uthenga umodzi zomata zake zisapitirire 25 MB. Amene makasitomala awo afika pa masauzande, nkhani yawo si ya Thunderbird kapena Outlook, akufunika ntchito yapadera yotumizira maimelo ambiri.

Tizinthu tina tating'ono tofunika kukonza tsiku loyamba. Ngati mu Thunderbird muli maakaunti angapo, uthenga wochokera ku MAPI umatseguka ndi akaunti imene mwaiika kukhala yoyamba. Ndiye ngati mwalowetsamo imelo yanu yapadera pamodzi ndi ya kampani, pitani ku Account Settings mukasankhe ya kampani ndi Set as Default, kuopa kuti makasitomala angalandire invoisi kuchokera ku adiresi ija munapanga muli pa sukulu. Siginecha mumailemba kamodzi pa akauntiyo, ndipo imabwera yokha pansi pa uthenga. Mawu amene pulogalamu ya maakaunti imatumiza kudzera mu Simple MAPI amabwera osakongoletsa, opanda mitundu kapena logo pakati, ndiye amene amafuna kalata yooneka ngati chikwangwani akhumudwa. Kwa ine zili bwino choncho, kukongola kukhale mu PDF. Ma seva ena amasunga okha kope la uthenga uliwonse wotumizidwa, ndiye mukaona mauthenga awiriawiri mu Sent, pitani ku Copies & Folders mukachotse chongi chosungira kope. Ndipo ngati pulogalamu yanu ndi yakale kwambiri, yoitana MAPI m'njira ya makedzana isanabwere ya Unicode (yomva zilembo za zilankhulo zonse) imene inayamba ndi Windows 8, zilembo zina za tizizindikiro pamwamba monga ŵ zimatha kufika zitasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso. Pa mutu wa uthenga n'zongokonza ndi dzanja, koma pa dzina la munthu n'zosapatsa ulemu, ndiye muziyang'ana.

Chikumbutso cha zomata nachonso n'chothandiza pa mauthenga amene mumalemba nokha. Thunderbird ikaona mawu ena mu uthenga koma palibe fayilo, imakufunsani musanatumize. Mawu amene imabwera nawo ndi a Chingerezi, koma pa Settings, Composition, mukhoza kuwonjezera anu. Ine ndinaikamo invoisi, sitetimenti ndi ndamata.

Tifike pa zimene Thunderbird singachite, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya masiku. MAPI ilipo ya mitundu iwiri. Simple MAPI ndi timalamulo tochepa, tokwana 12 pachiyambi, ndipo kofunika kwambiri ndi kotchedwa MAPISendMail. Extended MAPI ndi yaikulu, yotha kulowa m'mafoda, m'buku la maadiresi ndi m'nkhokwe ya mauthenga, ndipo imeneyi ndi ya Outlook yakale ndi Exchange. Thunderbird imamva Simple yokha. Palinso mapulogalamu amene MAPI saigwiritsa n'komwe, amaitana Outlook ndi dzina kudzera mu COM, n'kuilamula kuti ipange uthenga. Oterewa Registry ija saiyang'ana. Akapanda kupeza Outlook amangonena kuti palibe pulogalamu ya imelo, ngakhale Thunderbird ili chitsegukire pambali. Ife zinatichitikira ndi pulogalamu ya malipiro a antchito. Send to inkagwira, ma invoisi ankapita, koma mapepala a malipiro ayi. Nditawafunsa ogulitsa anavomera kuti yawo imafuna Outlook yakale basi, ndiye kompyuta imodzi imeneyo tinaisiya choncho ndi laisensi yake. Funso loti muwafunse ogulitsa anu ndi lalifupi: kodi batani la imelo limagwiritsa ntchito Simple MAPI, Extended MAPI, Outlook mwachindunji, kapena SMTP? Wolandira foni akapanda kudziwa, mupempheni akulumikizeni ndi amene amadziwa, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene likuuzeni zoti muike. Yang'ananinso m'kati mwa pulogalamuyo, popeza ena ali ndi posankhira pawopawo posadalira Windows. QuickBooks Desktop mwachitsanzo ili ndi Send Forms pansi pa Preferences, pamene mumasankha pakati pa Web Mail ndi Outlook.

Amene mukhalebe pa Outlook yakale, nkhani ya 32-bit ndi 64-bit ikukhudzani. Pulogalamu ya 32-bit singanyamule DLL (kafayilo kothandizira ngati mapi32.dll) ya 64-bit, ndipo mapulogalamu ambiri a maakaunti akadali a 32-bit, pamene Office kuyambira mtundu wa 2019 imadziika ya 64-bit mukapanda kusankha. Pa Extended MAPI awiriwa ayenera kufanana. Uthenga umene umabwera zikasiyana umasocheretsa, chifukwa umakuuzani kuti muike Outlook kukhala pulogalamu yanu ya imelo, pamene munaiika kale. Chinanso chosokoneza ndi Run as administrator. Anthu ena okonza makompyuta amakonda kuikira pulogalamu ya maakaunti chongi chimenechi kuti athane ndi vuto lina, osadziwa kuti ayambitsa latsopano. Pulogalamu imodzi ikamayenda ndi mphamvu za administrator inayo ayi, Windows imazilekanitsa ndipo nthawi zambiri sizimvana. Zonse ziwiri ziziyenda mofanana, makamaka ngati munthu wamba.

Pa maonekedwe sindinena zambiri. Kuyambira mtundu wa 115 wa mu 2023 Thunderbird inasintha nkhope, ndipo mauthenga akhoza kuoneka ngati timakhadi kapena ngati mizere ya tebulo. Ine wa mabuku a ndalama ndinabwerera ku tebulo tsiku lomwelo, chifukwa ndimafuna kuona tsiku, dzina ndi mutu pa mzere umodzi. Nthawi ndi nthawi imafunsa za Compact. Vomerani, chifukwa imasunga mauthenga a foda yonse mu fayilo imodzi, ndipo amene mwafufuta amakhalabe momwemo mpaka Compact itawachotsa. Ndi ma PDF a tsiku ndi tsiku foda ya Sent imakula msanga. Zonse za akaunti, siginecha ndi maadiresi zimakhala mu foda ya Profiles pansi pa AppData, Roaming, Thunderbird, ndiye amene amasunga makope a mafayilo a kampani aiphatikizepo.

Pa Mac chisankho cha pulogalamu ya imelo chinabisala malo odabwitsa, m'kati mwa pulogalamu ya Mail ya Apple yomwe, pa Settings, General, Default email reader, ndipo MAPI kulibeko. Pa Linux mapulogalamu ambiri amadutsa pa xdg-email, imene imatha kunyamula fayilo, ndipo LibreOffice ili ndi malo ake olembapo pulogalamu ya imelo pansi pa Tools, Options, Internet.

Chotsiriza ndi cha maofesi amene kompyuta imodzi amalowapo anthu angapo, aliyense ndi dzina lake la Windows. Thunderbird mumaiika kamodzi, koma akaunti ya imelo, siginecha, MAILTO ndi chenjezo lija n'za munthu aliyense payekha. Wantchito watsopano akabwera n'kupatsidwa dzina lake lolowera, akadina envulopu Thunderbird imutsegulira tsamba lofunsa adiresi ndi pasiwedi m'malo mwa invoisi, ndipo adzabwera kudzanena kuti pulogalamu yafa. Mumulowetsere akaunti, mudine Check Now, muyese Send to ali pomwepo, kenako atumize invoisi imodzi ku adiresi yake asanayambe kutumizira makasitomala.